Njira zolumikizira pulogalamu ya AI ku nkhokwe yosakira: iti ikuyenera funso liti

Nkhokwe zosakira monga Elasticsearch, OpenSearch ndi Apache Solr zimasunga zolembedwa mamiliyoni ndi kuzibweza m'kanthawi kochepa, koma sizimva chilankhulo cha munthu. Zimafuna lamulo lolembedwa motsata ndondomeko yake, limene akatswiri amalitcha query, ndipo kwa zaka zambiri aliyense wofuna yankho ankayenera kudziwa kulemba lamulolo kapena kudikira mnzake wodziwa kuti amulembere. Mapulogalamu a AI onga ChatGPT, Claude ndi Gemini asintha zimenezi, chifukwa tsopano munthu atha kufunsa mmene amalankhulira, pulogalamuyo n'kukatenga yankho m'nkhokwemo. Chovuta n'chakuti njira zochitira zimenezi zilipo zingapo, ndipo ngakhale kuti pa chionetsero zonse zimaoneka ngati zikugwira ntchito mofanana, iliyonse ili ndi malo ake pamene imagwera, ndipo kawirikawiri imagwa mwakachetechete.

Kuti kusiyanako kuoneke, tiyerekeze kampani yogulitsa zipangizo pa intaneti imene yasunga maoda ndi madandaulo a makasitomala ake m'nkhokwe imodzi. Wogwira ntchito wina akufunsa kuti, "Kodi oda nambala 48213 ili pati?" Wina akufuna kudziwa kuti, "Ndi madandaulo angati okhudza kuchedwa kwa katundu amene analowa mwezi watha?" Wachitatu akuti, "Kodi anthu akudandaula zotani za batire la foni yatsopano ija?" Kwa munthu, onsewa ndi mafunso wamba, koma kwa makina ndi ntchito zitatu zosiyana, pakuti loyamba likufuna cholembedwa chimodzi chenichenicho, lachiwiri likufuna kuwerengera kosaphonya, ndipo lachitatu likufuna kumvetsa tanthauzo la mawu amene anthu analemba mosiyanasiyana. Njira iliyonse tiyiyesa pa mafunso atatu amenewa.

Kulola modelo kulemba query yokha

Njira imene anthu ambiri amayamba nayo ndiyo kuonetsa modelo ya AI, imene ndi ubongo wa pulogalamuyo womva ndi kulemba mawu, mndandanda wa magawo a m'nkhokwe (monga tsiku, dzina kapena nambala ya oda) pamodzi ndi mtundu wa gawo lililonse, zimene mu Elasticsearch zimatchedwa mapping, kenako kuipempha kuti isandutse funso la munthu kukhala query. Pulogalamu imatumiza query ija kunkhokwe, zotsatira zimabwerera kwa modelo, ndipo modelo imazifotokoza m'mawu omveka. Ubwino wake ndi waukulu ndithu. Palibe funso limene liyenera kukonzekeredwa pasadakhale, ndipo kuwerengera kumachitika m'nkhokwe momwemo, osati m'mutu mwa modelo imene imalakwitsa masamu nthawi zina. Funso lachiwiri lija, la kuchuluka kwa madandaulo, njirayi imatha kuliyankha bwinobwino ngati query yalembedwa molondola, ndipo loyamba nalo silivuta.

Nkhani yonse yagona pa mawu akuti "molondola". Query yolakwika kalembedwe si yoopsa, chifukwa nkhokwe imaikana n'kunena pamene palakwika, ndipo modelo imatha kuikonza n'kuyesanso. Yoopsa ndi imene yalembedwa bwino koma ikufunsa chinthu china. Mu Elasticsearch, gawo la mtundu wa text limadulidwa m'mawu amodzi amodzi n'kusandutsidwa zilembo zazing'ono lisanasungidwe, pamene gawo la mtundu wa keyword limasungidwa monga momwe lilili. Modelo ikagwiritsa ntchito query ya term pa gawo la text ndi mawu oyamba ndi chilembo chachikulu, nkhokwe imabweza zotsatira ziro popanda kudandaula kulikonse, ndipo pulogalamu ya AI imauza wofunsayo mwaulemu kuti palibe madandaulo otero, pomwe alipo mazana. Wofunsa amene saona query alibe njira yodziwira kuti ziro ameneyu ndi wabodza.

Misampha ina ili m'zimene nkhokwe imachita pamene sinauzidwe kanthu. Elasticsearch imabweza zolembedwa 10 zokha ngati kuchuluka sikunatchulidwe, ndipo kugawa zotsatira m'magulu ndi aggregation ya terms kumaonetsanso magulu 10 oyambirira basi. Kuyambira pa mtundu wa 7.0, chiwerengero cha zopezeka chimawerengedwa molondola kufika pa 10,000 kokha, kupitirira apo nkhokwe imangonena kuti zilipo zosachepera 10,000, pokhapokha itauzidwa kuti iwerenge zonse. Modelo imene sinasamale imatha kutenga nambala imeneyi ngati yankho lenileni. Madeti nawonso ali ndi vuto lawo, chifukwa mawu akuti "mwezi watha" angatanthauze masiku 30 apitawa kapena mwezi wathunthu wa pa kalendala, ndipo popeza Elasticsearch imasunga nthawi mu UTC, nthawi ya muyezo ya dziko lonse, dandaulo lolowa usiku wa tsiku lomaliza la mwezi lingagwere m'mwezi wina ngati dera la nthawi silinatchulidwe.

Pamwamba pa zonsezi pali zimene sizinalembedwe paliponse m'nkhokwe. Mwina kampani ija imati katundu wachedwa akapitirira masiku atatu pa tsiku lolonjezedwa, mwinanso gawo lina lakale linasiya kudzazidwa koma silinachotsedwe. Wantchito wokhalitsa amadziwa zimenezi, koma modelo imangoona mayina a magawo n'kulingalira. Ofufuza akhala akuyeza luso limeneli kwa zaka ndithu, makamaka pa SQL, chilankhulo chofunsira nkhokwe za deta. Mayeso a Spider, amene anatuluka ku yunivesite ya Yale mu 2018, ali ndi mafunso 10,181 pa nkhokwe 200, ndipo mamodelo amakono amakhoza bwino pa mayeso amenewa, koma pa mayeso ena monga BIRD a mu 2023, amene anamangidwa pa deta yaikulu ndi yosasamalidwa bwino, zotsatira zimatsika. Nkhokwe ya kampani yeniyeni imafanana kwambiri ndi yachiwiriyi kusiyana ndi yoyambayo.

Chilankhulo chimene modelo ikulemba chimasinthako zinthu pang'ono. Query DSL, chilankhulo chofunsira cha Elasticsearch, ndi JSON (kalembedwe ka deta m'mabulaketi) yolowanalowana imene ngakhale katswiri amavutika kuiwerenga ikatalika. ES|QL, chilankhulo china chatsopano cha Elasticsearch, imene inakhazikitsidwa kwathunthu mu 2024 pa mtundu wa 8.14, imalembedwa mzere ndi mzere, sitepe iliyonse ikulandira zotsatira za inzake, motero munthu amaona msanga ngati yasefa molakwika, ndipo OpenSearch ili ndi PPL yofananako nayo. SQL, imene inayambira ku IBM m'zaka za m'ma 1970, ndiyo imene mamodelo anaiwerenga kwambiri pophunzira, choncho amailemba mosavutikira kuposa zilankhulo zatsopanozi. Kulikonse kumene mungasankhe, ikani malire a nthawi imene query ingatenge, ndipo ganizirani zozimitsa search.allow_expensive_queries, chilolezo cha query zolemera, chifukwa query imodzi yolemera ingachedwetse nkhokwe kwa aliyense.

Kusaka ndi tanthauzo, modelo n'kungowerenga

Njira yachiwiri imachotsa modelo pa ntchito yolemba query. Pulogalamu ndiyo imasaka zolembedwa zogwirizana ndi funso, n'kuzipereka kwa modelo kuti iwerenge ndi kuyankha. Dzina lake lodziwika, RAG, linachokera ku kafukufuku amene Patrick Lewis ndi anzake a ku Facebook AI Research anasindikiza mu 2020. Kawirikawiri zolembedwa zimadulidwa m'zidutswa, ndipo chidutswa chilichonse chimasandutsidwa mndandanda wa manambala mazana kapena masauzande, monga 384, 768 kapena 1,536, umene umatchedwa embedding. Zidutswa za tanthauzo lofanana zimakhala ndi manambala oyandikana, ndiye funso nalo likasandutsidwa chimodzimodzi, nkhokwe imangofunafuna zidutswa zoyandikana nalo. Kuti kufunafunako kusachedwe, nkhokwe zambiri zimagwiritsa ntchito njira ya HNSW imene Yury Malkov ndi Dmitry Yashunin anafotokoza mu 2016. Elasticsearch inaiyika pa mtundu wa 8.0 mu 2022, ndipo pgvector, chowonjezera cha nkhokwe ya PostgreSQL, inatsatira mu 2023, kotero kuti masiku ano sikofunika kwenikweni kugula nkhokwe ina yapadera ya ntchito imeneyi.

Pa funso lachitatu, la batire lija, njirayi ilibe mnzake. Kasitomala wina analemba kuti foni ikutha moto msanga, wina kuti akuitchaja kawiri pa tsiku, wina kuti imazima isanafike madzulo, ndipo palibe mmodzi yemwe amene anatchula mawu akuti batire. Kusaka kwa mawu enieni kungaphonye onse atatu, pamene kusaka ndi tanthauzo kumawapeza, modelo n'kuwasonkhanitsa m'yankho limodzi lokhala ndi maumboni oti wofunsa atsegule. Kwa amene nkhokwe yawo ndi ya mabuku a malangizo, malamulo a kuntchito kapena malipoti, njira imeneyi ndiyo maziko.

Pa funso lachiwiri, njirayi imalephera kotheratu, ndipo si chifukwa cha kuipanga molakwika. Modelo imaona zidutswa 10 kapena 20 zokha zimene zasankhidwa, choncho ikafunsidwa kuti madandaulo alipo angati, imawerenga zimene yaonazo n'kupereka nambala imene ilibe ubale uliwonse ndi zimene zili m'nkhokwe. Kuwonjezera zidutswa sikuthetsa vutoli, chifukwa madandaulo angakhale masauzande, komanso kafukufuku wa Nelson Liu ndi anzake mu 2023 anaonetsa kuti mamodelo amene anawayesa ankaphonya kwambiri mfundo zoikidwa pakati pa zolembedwa zazitali kusiyana ndi za kumayambiriro kapena kumapeto. Funso loyamba nalo limavuta mosayembekezeka, popeza m'dziko la embedding nambala 48213 ndi 48231 zimakhala pafupi kwambiri, ndipo wofunsa angalandire mbiri ya oda ya munthu wina. Momwemonso chiganizo chonena kuti katundu anafika ndi chonena kuti katundu sanafike zimayandikana, chifukwa zonse zikukamba nkhani imodzi.

Pali khalidwe lina la njirayi limene limaiwalika. Kusaka ndi tanthauzo sikubwerera chimanjamanja, chifukwa ngakhale m'nkhokwe mulibe chilichonse chokhudza funsolo, nthawi zonse pamakhala zidutswa zoyandikirako kuposa zinzake, ndipo modelo ikapatsidwa zimenezo imayesetsa kupangapo yankho. Mtengo wake nawo ndi wofunika kuuwerengera musanayambe. Embedding ya manambala 1,536, nambala iliyonse ikutenga ma byte 4, imadya ma byte 6,144, ndiye zidutswa 10 miliyoni zimafuna malo opitirira pang'ono ma gigabyte 61, ndipo HNSW imathamanga bwino pamene zambiri mwa izo zili m'memore. Kufinya manambalawo kuti iliyonse itenge byte imodzi kumachepetsa malowo kanayi, motaya kulondola pang'ono. Tsiku limene mudzasinthe modelo yopangira embedding, zidutswa zonse ziyenera kusandutsidwanso, chifukwa manambala a mamodelo awiri osiyana sayerekezeka.

Chifukwa cha zofooka zimenezi, ambiri amaphatikiza kusaka ndi tanthauzo ndi kusaka kwa mawu enieni. Kusaka kwa mawu kumadalira BM25, njira imene Stephen Robertson ndi anzake anakonza ku City University ya ku London m'zaka za m'ma 1990, imene Elasticsearch inayamba kuigwiritsa ntchito monga njira yake yokhazikika pa mtundu wa 5.0 mu 2016. BM25 imalemekeza mawu osowa, motero nambala ya oda, dzina la chipangizo kapena chizindikiro cha vuto zimakwera pamwamba nthawi yomweyo. Mindandanda iwiri ya zotsatira imasakanizidwa ndi njira ya Reciprocal Rank Fusion, imene Cormack, Clarke ndi Büttcher anafotokoza mu 2009, m'mene cholembedwa chilichonse chimalandira 1 wogawidwa ndi malo ake pamndandanda ataphatikizidwa ndi 60, kenako zimene chapeza pa mindandanda yonse iwiri zimawonkhetsedwa. Kuphatikiza kumeneku kumakonza funso loyamba ndi kulimbitsa lachitatu, ndipo n'kofunika kwambiri pamene zolembedwa zili m'chilankhulo chimene modelo ya embedding sinachiphunzire mokwanira. Funso la kuwerengera lokha limakhalabe losayankhidwa.

Zida zochepa zokonzedwa ndi munthu

Njira yachitatu ili pakati pa ziwiri zija, ndipo kwa ine ndiyo yoyenera kuyambira pa ntchito zambiri. Katswiri amalemba query zolondola pasadakhale, kuziyesa, n'kusiya mipata yochepa yoti idzazidwe. Query iliyonse imaperekedwa kwa modelo ngati chida chokhala ndi dzina ndi kufotokoza kwake, ndipo ntchito ya modelo imangokhala kusankha chida choyenera ndi kudzaza mipata ija. Zimenezi zinafala kuyambira mu June 2023, pamene OpenAI inatulutsa function calling, ndipo tsopano mamodelo onse akuluakulu amatha kuitana zida motere. Elasticsearch ndi OpenSearch zili kale ndi ma search template olembedwa m'chilankhulo cha Mustache, amene amasunga query m'nkhokwe momwemo n'kulandira zodzaza m'mipata.

Kampani yathu ija ingakhale ndi chida chopezera oda, chimene chimalandira nambala basi, china chowerengera madandaulo, chimene chimalandira mutu wa dandaulo, tsiku loyambira ndi tsiku lomalizira, ndi china chosakira m'madandaulo, chimene mkati mwake muli kusaka kophatikiza kuja. Mafunso onse atatu ayankhidwa, lililonse ndi njira yoliyenera. Misampha ya text ndi keyword, ya zolembedwa 10 ndi ya dera la nthawi yathetsedwa kamodzi ndi munthu wodziwa, ndipo tanthauzo la kuchedwa kwa katundu lalembedwa m'query, osati kusiyidwa kuti modelo ilote. Ngati mitu ya madandaulo ilipo isanu ndi itatu, mpata wa mutu ungauzidwe kuti ulandire isanu ndi itatu yokhayo, kotero kuti modelo singapeke mutu wachisanu ndi chinayi. Modelo yaing'ono, yotchipa ndi yothamanga imakwanitsa ntchito yotere, pamene kulemba query yonse kumafuna modelo yamphamvu.

Kufooka kwake n'koonekeratu, ndipo kuonekeratu kumeneko ndi mbali ya ubwino wake. Munthu akafunsa kuti ayerekezeredwe madandaulo a m'madera awiri pa zaka zitatu, ndipo palibe chida chochitira zimenezo, pulogalamu iyenera kunena kuti singathe. Ena amakhumudwa nazo, koma yankho lakuti sindingathe silinapangitsepo munthu kulemba nambala yabodza mu lipoti. Choyenera kusamala n'chakuti modelo ina imayesa kukakamiza funso pa chida chimene chilipo, choncho kufotokoza kwa chida kuzinena momveka zimene chidacho sichichita. Ntchito yeniyeni ya njirayi ili pa mawu ofotokozerawo, chifukwa modelo imasankha chida powerenga ziganizo ziwiri kapena zitatu zimenezo, ndipo zida zikachuluka n'kumafanana, kusankha molakwika kumachulukanso. Wina ayeneranso kuzisamalira nthawi iliyonse imene magawo a m'nkhokwe asintha.

Malo a MCP pa nkhani imeneyi

Anthu ambiri amene akufunsa za kulumikiza AI ku nkhokwe masiku ano amakhala akufunsa za Model Context Protocol (MCP), imene Anthropic inatulutsa mu November 2024. OpenAI inailandira mu March 2025, makampani ena anatsatira, ndipo mu December 2025 inaperekedwa m'manja mwa bungwe latsopano pansi pa Linux Foundation. MCP ndi pangano la kalankhulidwe pakati pa pulogalamu ya AI ndi seva yopereka zida. Mauthenga ake amalembedwa mu JSON-RPC 2.0, ndipo seva ingakhale pa kompyuta ya wogwiritsa ntchito yemweyo kapena kutali n'kumafikiridwa kudzera pa HTTP. Pulogalamu imafunsa seva kuti ili ndi zida zotani, imalandira mayina ndi mafotokozedwe ake, n'kuzionetsa kwa modelo.

Chimene MCP imathetsa ndi kubwerezabwereza ntchito. Isanabwere, kampani yofuna kuti nkhokwe yake ifikiridwe ndi mapulogalamu atatu a AI inkalemba zolumikizira zitatu, pamene tsopano seva imodzi imatumikira onse amene amamva panganolo. Koma MCP si njira yachinayi yosakira, ndipo siinena kanthu za mtundu wa zida zimene zili mkati. Elastic, kampani yopanga Elasticsearch, ndi OpenSearch zonse zili ndi ma seva a MCP okonzeka kale, ndipo zida zoyambirira za ma seva oterewa zimakhala zotchula ma index (magulu a zolembedwa m'nkhokwe) amene alipo, zoonetsa mapping, ndi zotumiza query imene modelo yalemba. Amene waika seva yotere wasankha njira yoyamba ija ndi misampha yake yonse, ngakhale kuti kuikako kunatenga mphindi zochepa ndipo kunaoneka ngati nkhani yongolumikiza. Amene walemba seva yake yokhala ndi zida zitatu za kampani ija wasankha njira yachitatu, ndipo MCP yangomuthandiza kuzifikitsa kwa mapulogalamu ambiri.

Chotero funso la MCP ndi losiyana ndi la njira yosakira. Ngati ogwira ntchito ali kale ndi mapulogalamu a AI osiyanasiyana pa makompyuta awo, MCP ndi yoyenera. Ngati mukumanga pulogalamu imodzi yanuyanu yokhala ndi bokosi limodzi lofunsira, function calling yachindunji imakwanira, ndipo kuwonjezera seva ina pakati kungangochulutsa zinthu zofunika kusamalira. Makampani opanga nkhokwe amagulitsanso othandizira a AI omangidwira m'mapulogalamu awo. Amenewa safuna ntchito yambiri poyamba, koma mkati mwake muli njira zomwezi, ndipo wogula ayenera kufunsa kuti ndi iti imene ikugwiritsidwa ntchito komanso ngati query imaonetsedwa.

Kiyi wa ndani, ndipo mawu a ndani

Pa nkhani ya chitetezo, njira zitatuzi zimasiyana kwambiri kuposa pa china chilichonse. Choyamba n'chosavuta ndipo chimakhudza zonse: kiyi wolowera m'nkhokwe amene pulogalamu ya AI ikugwiritsa ntchito akhale wowerengera basi, wosatha kulemba kapena kufufuta, ndipo aloledwe pa ma index ofunikira okha. Kulemba m'malangizo a modelo kuti isafufute kanthu si chitetezo, chifukwa malangizo ndi pempho chabe, pamene chilolezo cha m'nkhokwe ndi khoma.

Chovuta kwambiri ndi kiyi mmodzi wogawana. Seva ikamalowa m'nkhokwe ndi kiyi mmodzi m'malo mwa aliyense, wofunsa aliyense amaona zonse zimene kiyiyo amaona, kuphatikizapo zimene iye mwini sakanaloledwa kuona atalowa yekha. Nkhokwe zili ndi njira yoletsera zimenezi pa mlingo wa cholembedwa ndi pa mlingo wa gawo, imene mu Elasticsearch ili m'gulu la zolipira ndipo mu OpenSearch imabwera ndi pulogalamu yake ya chitetezo, koma imagwira ntchito pokhapokha nkhokwe ikudziwa amene akufunsa. Pa njira ya zida, seva ingawonjezere yokha sefa ya dipatimenti ya wofunsa pa query iliyonse, pamalo pamene modelo singafikepo. Pa njira yoyamba zimenezi n'zovutirapo, popeza query yonse ili m'manja mwa modelo, ndipo pa RAG zimaiwalika kawirikawiri pamene zolembedwa zakopedwa kupita ku index ya zidutswa popanda zilolezo zake kutsagana nazo.

Vuto lina limachokera m'zolembedwa momwemo. Madandaulo a makasitomala amalembedwa ndi anthu akunja, ndipo modelo siisiyanitsa modalirika pakati pa mawu oti iwerenge ndi mawu oti iwamvere. Munthu wa zolinga zoipa angalembe m'dandaulo lake chiganizo cholamula pulogalamu ya AI kuti isake maadiresi a makasitomala ena n'kuwatumiza kwinakwake. Simon Willison anatcha chinyengo chimenechi prompt injection mu September 2022, ndipo bungwe la OWASP linachiika pa nambala 1 pa mndandanda wake wa mu 2023 wa zoopsa za mapulogalamu oterewa. Kiyi wowerengera basi amateteza nkhokwe kuti isawonongedwe, koma saletsa zinsinsi kutuluka ngati pulogalamu yomweyo ili ndi chida china chotumizira imelo kapena chotsegulira masamba a pa intaneti. Apa kuphweka kwa MCP kumasanduka chiopsezo, chifukwa wogwiritsa ntchito angalumikize ma seva asanu pa pulogalamu imodzi osaganizira zimene angachite akaphatikizana.

Komanso chilichonse chimene nkhokwe yabweza chimapita kwa mwini modelo ngati modeloyo ili pa makina a kampani ina. Kumene kuli malamulo oteteza mbiri za anthu, monga GDPR ya ku European Union imene inayamba kugwira ntchito mu May 2018, zimenezi zimafuna pangano lomveka. Mamodelo otsitsidwa pa makina anu, onga Llama kapena Mistral, amasunga deta pakhomo, ndipo amagwirizana bwino ndi njira ya zida chifukwa ntchito imene apatsidwa ndi yochepa. Zida zimathandizanso pobweza magawo ofunikira okha, kotero kuti nambala ya foni ya kasitomala sichoka m'nkhokwe pamene funso linali la kuchuluka kwa madandaulo.

Posankha

Nthawi ndi ndalama zimatsata kuchuluka kwa maulendo amene modelo ikuitanidwa. Pa njira yoyamba, modelo imayamba yafunsa ma index, kenako mapping, kenako imalemba query, mwina n'kuikonza kawiri, ndipo ulendo uliwonse umatenga masekondi ndi kulipiridwa. Mapping yokha ingakhale yaikulu, poti Elasticsearch imalola magawo 1,000 pa index imodzi musanasinthe malire, ndipo kuitumiza yonse pa funso lililonse n'kuwononga. RAG wamba imaitana modelo yoyankha kamodzi, ndipo zida zimaitana kawiri pa funso losavuta.

Chimene chiyenera kutsogolera chisankho, komabe, ndi munthu amene akufunsa. Ngati ndi katswiri amene amatha kuwerenga query, monga injiniya wofufuza m'ma log (zolembedwa za zimene makina achita) chifukwa chimene seva inagwera usiku, njira yoyamba imamupulumutsira nthawi yambiri, chifukwa mafunso ake sangaloseredwe ndipo iye mwini aona pamene modelo yasokera. Kwa iye seva ya MCP yokonzeka kale, yokhala ndi kiyi wowerengera basi, ndi yokwanira. Ngati ofunsa ndi antchito ambiri kapena makasitomala amene adzakhulupirira yankho monga lilili, zida zochepa ndizo zoyenera, ndipo kusaka kophatikiza kukhale chimodzi mwa zidazo. RAG payokha ndi ya nkhokwe imene mulibe choti chiwerengedwe. Palibe choletsa kupereka zida kwa onse n'kutsegulira akatswiri okha chida china cholembera query mwaufulu, malinga yankho lililonse lochokera kumeneko lizionetsa query imene yagwiritsidwa ntchito.

Musanatsegulire anthu, sonkhanitsani mafunso enieni makumi angapo amene antchito amafunsa, pezani mayankho ake olondola ndi dzanja, n'kuyesa njira iliyonse pa mafunso omwewo, ndipo mubwereze mayesowo nthawi iliyonse imene modelo, malangizo kapena mapping zasintha. Funso lililonse lifunsidwe kangapo, chifukwa modelo ingalembe query yosiyana pa funso lomwelo. Pa mndandandawo pakhale mafunso amene yankho lake ndi nambala yoposa 10,000, ena odutsa malire a mwezi, ena ofunsa zimene wofunsayo saloledwa kuona, ndi ena amene yankho lake lolondola ndi lakuti m'nkhokwe mulibe zimenezo. Pulogalamu ikayamba kugwira ntchito, sungani mafunso amene yakana kuyankha, chifukwa amene akubwerezedwa kawirikawiri ndiwo akusonyeza chida chimene chiyenera kulembedwa motsatira.